Shehe wa m'mudzi mwathu adzamulemba ndani?

Asilamu anzathu, funsani mwana wa kumadrasa ku Ntaja kapena ku Ulongwe kuti Imam Bukhari anali ndani, akuyankhani msangamsanga. Mumufunsenso kuti amene anaphunzitsa mwalimu wake anali ndani, angoyang'ana pansi. Mlanduwu si wa mwanayo, ndi wathu akuluakulu.

Akale aja timawadziwa chifukwa panali wina wogwira cholembera. Al-Tabari, yemwe anamwalira ku Baghdad mu 923, polemba mbiri ankatchula amene anamuuza nkhani, ndi amene anauza womuuzayo. Ibn Battuta anafika ku Kilwa mu 1331 nayamikira kuolowa manja kwa sultani wa kumeneko. Koma bukulo sanalembe ndi dzanja lake. Iye ankafotokoza, Ibn Juzayy nkumalemba. Pakanapanda mlembiyo, ulendo wonsewo ukanalowa naye m'manda.

Kilwa yomweyo ndiyo inaphunzitsa Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda, amene anabwerera kunyanja kuno kudzaphunzitsa Ayao Qur'an, namwalira mu 1930. Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje, yemwe anatisiya mu 1959, nayenso anasula ophunzira ambiri. Awiriwa maina awo anapulumuka. Nanga aja anayenda wapansi kukaphunzira, nkubwera kudzamanga mizikiti ya udzu m'dziko la Kawinga, Liwonde ndi Kalembo? Nanga amayi amene ankaphunzitsa atsikana kuswali ndi kusambitsa maliro? Zambiri zolembedwa za Chisilamu cha nthawi imeneyo zinachokera kwa amishoni ndi atsamunda, anthu amene ankationera panja, ndipo ena mwa iwo ankationa ngati opikisana nawo.

Tikudziwa kuti ena akuti kukumba za mashehe akale ndi kudzutsa mikangano ya sikiri pamaliro, ija inagawa mabanja pakati pa a Qadiriyya ndi a Sukuti. Nkhawayo ndi yomveka, taonapo abale akulephera kudyera futari m'mbale imodzi. Koma kulemba kuti shehe wakuti anaphunzira kwa wakuti si kuweruza kuti ankalondola pa chilichonse. Al-Tabari analemba ngakhale nkhani zotsutsana, nasiya wowerenga ayeze yekha.

Tsono Ramadhan ino, ophunzira inu amene muli ndi foni ndi kope, mukatha tarawehe khalani pamkeka ndi agogo. Afunseni kuti mzikiti wanu unayamba liti, imamu woyamba anali ndani, anaphunzira kuti, anaikidwa pati. Akayankha m'Chiyao, lembani m'Chiyao momwemo, ndipo musaiwale dzina la wofotokozayo ndi tsiku. Kope limodzi lisungidwe kumzikiti.

M'mizikiti yathu yambiri, pamzere woyamba pali malo a gogo amene tinali naye Ramadhan yathayi, lero tinamuswalira kale janaza tisanamufunse kanthu.