Ndalama ku Kitwe, khomo ku Ndola

Anthu a ku Kitwe ali ndi mawu amene amakonda kunena akamakamba za Ndola. Amati ndi mzinda wogona, wa anthu opuma pa ntchito, kumene dzuwa likangolowa misewu imangoti zii. Mawu amenewa afika mpaka ku Chipata, ku Katete ndi ku Mchinji, moti wachinyamata akamanyamuka ulendo wa kuno ku Copperbelt, anzake amamulangiza kuti asatsike pa Ndola, apitirire ku Kitwe chifukwa ndiko kuli ndalama. Ine ndikutsutsa langizo limeneli. Ndalama ziliko ndithu ku Kitwe, koma munthu wofuna kumanga banja, kulera ana ndi kukalamba mtima uli m'malo asankhe Ndola. Ndikulemba izi ndili ku Northrise, mu Ndola, ndipo sindikubisa mbali imene ndaima.

Pa zinthu zambiri mizinda iwiriyi ndi yofanana. Kalembera wa 2022 anapeza kuti boma lililonse mwa awiriwa lili ndi anthu oposa 600,000. Atalikirana ndi makilomita pafupifupi 60 okha, ulendo wa ola limodzi pa minibasi. Mvula imayamba limodzi mu November, kuzizira kwa June ndi kutentha kwa October n'kumodzimodzi, udzudzu wa malungo susankha, ndipo magetsi atavuta mu 2024 chifukwa cha kuchepa kwa madzi ku Kariba, tonse tinagona mu mdima. Yonse ili pa nthaka ya Alamba, ndipo konse mlendo wolankhula Chinyanja ayenera kuphunzira Chibemba kuti agule bwino pamsika. Kusiyana kwenikweni kuli pa chimene mzinda uliwonse waimapo.

Ndola inayamba ngati boma mu 1904, pamene mzungu John Edward Stephenson, amene anthu ankamutcha Chirupula, anakhazikitsa ofesi ya atsamunda pamalo amene kale ankadutsapo amalonda a minyanga ndi akapolo. Malo a mtengo wa mupapa umene anthu ankagulitsidwira pansi pake amadziwikabe mu msewu wa Makoli. Patapita zaka zochepa njanji yopita ku Katanga inadutsa pomwepa, ndipo Ndola inakhala pamphambano pa katundu ndi anthu. Kitwe inabwera pambuyo, mu 1936, kudzatumikira mgodi wa Nkana. Masitolo, misewu ndi makomboni ake zinamangidwa chifukwa pansi pali mkuwa. Ndola nayo inali ndi mgodi wake, wa Bwana Mkubwa, umene watsegulidwa ndi kutsekedwa kangapo, koma palibe tsiku limene mzinda unafa nawo limodzi. Ku Kitwe sizili choncho. Mgodi ukadwala, mzinda wonse umagona pamphasa.

Agogo athu amene anachoka ku Nyasaland ndi ku Fort Jameson kudzagwira ntchito m'migodi, ena ngati makalaliki, ena pansi pa nthaka, ankaidziwa bwino nyumba ya kampani. Inali ndi madzi, chipatala chinali pafupi, bwalo la mpira linalipo, koma tsiku limene ntchito yatha nyumba nayo yatha. Ambiri mwa machona amene sanabwerere kwawo anakalamba opanda pogwira chifukwa cha dongosolo limenelo. Nyumba zija zinagulitsidwa kwa okhalamo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, komabe Kitwe yonse ikadali ngati nyumba ya kampani: umakhalamo bwino malinga mwini mgodi ali wokondwa.

Taonani zimene zachitika m'zaka 25 zapitazi. Mu 2000 boma linamaliza kugulitsa migodi ya ZCCM, ndipo wa Nkana unapita kwa Mopani, kampani imene mwini wake wamkulu anadzakhala Glencore ya ku Switzerland. Mtengo wa mkuwa utatsika mu 2015, anthu masauzande anachotsedwa ntchito. Mu April 2020 Glencore inalengeza kuti ikuimitsa migodi yake ya ku Kitwe ndi ku Mufulira. Mu 2021 inasiya Mopani m'manja mwa kampani ya boma ya ZCCM-IH pamodzi ndi ngongole ya madola 1.5 biliyoni, ndipo kwa zaka zitatu makontrakitala ndi ogulitsa katundu ku mgodi ankalira kuti sakulipidwa pa nthawi yake. Mu 2024 kampani ya International Resources Holding ya ku Abu Dhabi inatenga magawo 51 pa 100 alionse, anthu n'kupumako. Pa zonsezi palibe chimene chinagamulidwa ku Wusakile kapena ku Chamboli. Zinagamulidwa ku Switzerland, ku Lusaka, ku Abu Dhabi ndi pamsika wa zitsulo wa ku London. Koma amene anamva kuwawa ndi mayi wogulitsa kaunjika mu msika wa Chisokone, mwini nyumba ya lendi ku Chimwemwe, ndi mwana amene anabwezedwa kusukulu chifukwa bambo ake alibe fizi. Kodi bambo wanzeru angamange tsogolo la ana ake pa mtengo wa chinthu chimene iye sangauuze kukwera kapena kutsika?

Walira mvula walira matope. Mkuwa umabweretsa ndalama, koma umabweranso ndi zake. Akuluakulu a ku Wusakile amaukumbukira utsi wa senta umene unkatuluka pa ng'anjo ya Nkana, woyabwa pakhosi ndi wowotcha ndiwo zakudimba. Mulu wa zotsalira za mgodi umene umatchedwa Black Mountain wakhala ukukoka anyamata amene anayenera kukhala m'kalasi, ndipo mu June 2018 mbali ina ya muluwo inagumuka n'kupha anthu osachepera 10. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linaphulika, madzi a asidi n'kulowa mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, minda ya m'mphepete mwa mtsinje inapsa, ndipo mipopi ya ku Kitwe inatsekedwa kwa masiku. Mzinda wa anthu oposa theka la miliyoni unasowa madzi akumwa chifukwa cha khoma limodzi la dothi la kampani imodzi. Amene amationa ngati ogona ayambe ayankha za madzi amenewo.

Tsono Ndola ili ndi chiyani? Ili ndi miyendo yambiri. Ndilo likulu la chigawo, choncho maofesi a boma, aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi asilikali amalandira malipiro awo mwezi ndi mwezi, mkuwa ukwere kapena utsike. Banki yaikulu ya dziko lino ili ndi ofesi yake kuno. Paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam, yakhala ikuthera kuno kuyambira 1968. Miyala ya laimu imene yazungulira mzindawu imadyetsa mafakitale a simenti, kuphatikizapo ya Dangote imene inatsegulidwa mu 2015 ku Masaiti. Chipata cha Sakania cholowera ku Congo chili pafupi, ndipo msewu waukulu wochokera ku Lusaka umadutsa kuno popita ku mizinda ina ya migodi. Bwalo la ndege latsopano la Simon Mwansa Kapwepwe linatsegulidwa mu 2021, bwalo la mpira la Levy Mwanawasa mu 2012, ndipo chaka ndi chaka chionetsero chachikulu cha zamalonda cha dziko lino chimachitikira kuno. Mwendo umodzi ukathyoka, ina imanyamula.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya chipatala. Kholo lililonse limadziwa usiku umene mwana watentha thupi, akupuma movutikira, iwe n'kumawerenga mphindi. Kuno ku Northrise kuli chipatala cha ana cha Arthur Davison, kumene amatumizidwa ana odwala kwambiri ochokera m'chigawo chino ndi zigawo zoyandikana nazo. Ndola Teaching Hospital ili mumzinda momwemu, pamodzi ndi malo ofufuzira matenda a m'mayiko otentha ndi sukulu ya madokotala ya Copperbelt University yotchedwa dzina la Michael Chilufya Sata. Kitwe ili ndi chipatala chake chachikulu, sindikukana, koma mwana wa ku Buchi akafuna akatswiri a ana, nthawi zambiri ambulansi imalowera kuno. Munthu posankha pokhala asamangofunsa kumene angapeze ndalama msanga. Afunsenso kumene angathamangire pakati pa usiku.

Ku Kitwe kuli zabwino zimene munthu woona mtima sangazikane. Kuli Copperbelt University, imene inakhazikitsidwa mu 1987, ndipo ophunzira ake amaupatsa mzinda moyo. Kuli mbiri yonyaditsa ya ogwira ntchito: pa Nkana ndi pamene asilikali anawombera anthu a mumgodi onyanyala ntchito mu 1940, ndipo magazi amenewo anathandiza kubala bungwe la ogwira ntchito m'migodi limene Lawrence Katilungu analitsogolera kuyambira 1949. Kuli matimu a mpira a Nkana ndi Power Dynamos, ndipo yomalizayi inabweretsa chikho cha mu Africa mu 1991. Kitwe ili pakati pa Chingola, Mufulira, Kalulushi ndi Luanshya, choncho wamalonda amafika paliponse mosavuta. Mnyamata wodziwa kuwotcherera zitsulo, kukonza makina kapena magetsi, amene alibe mkazi ndi mwana, apite ku Kitwe akagwire ntchito ndi mphamvu zake zonse. Koma ndalama akazipeza aganize bwino kumene akagule puloti. Ola limodzi la pa msewu si mtunda woletsa munthu kugwira ntchito uko n'kumanga kuno.

Tsopano ndilankhule ndi anzanga a ku Ndola, chifukwa si bata lonse limene tili nalo lili la mtendere. Lina ndi bata la mafakitale otsekedwa. Mzinda uno unali likulu la mafakitale m'Zambia: matayala a Dunlop, sopo ndi mankhwala otsukira mano a Colgate-Palmolive, nsalu, shuga ndi zina zambiri zinkapangidwa kuno. Frederick Chiluba mwiniwake, amene anadzakhala pulezidenti, anakulira m'mabungwe a ogwira ntchito ali pa kampani ya Atlas Copco ku Ndola konkuno. Boma lake litatsegula zipata za malonda pambuyo pa 1991, katundu wotchipa wa kunja anadzaza m'masitolo, ndipo mafakitale ambiri anatseka kapena kusamukira kumayiko ena. Indeni, imene inayamba kuyenga mafuta mu 1973, inasiya ntchito imeneyo, ndipo paipi ija tsopano imabweretsa dizilo woyenga kale. Nyumba zina zimene munkalira makina lero ndi zosungiramo katundu wa eni ake. Ana athu ambiri omaliza sukulu akungoyendayenda ndi makalata m'manja.

Komanso Northrise, Kansenshi ndi Itawa si Ndola yonse. Mitengo ya mthunzi ndi mabwalo aakulu a nyumba za kuno ndi zotsalira za nthawi imene madera ano anali a azungu okha. Anthu ambiri a mzinda uno ali ku Chifubu, Masala, Lubuto, Kabushi, Mushili, Twapia, Nkwazi ndi Chipulukusu, ndipo kumadera ena mwa amenewa mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba, zitsime zili pafupi ndi zimbudzi, ndipo misewu ndi maenje okhaokha. Mtsinje wa Kafubu, umene timamwa, wakhala ukulandira zonyansa za mumzinda kwa zaka zambiri. Sitingadzudzule a ku Kitwe pa za Kafue kwinaku ife tikuipitsa mtsinje wathu ndi manja athu. Asidi wa ku Chambishi anatayidwa ndi kampani. Zinyalala za mu Kafubu timataya ndife, ndipo atsogoleri amene tinawasankha amangoyang'ana.

Komabe ngakhale mavutowa ndi umboni wa zimene ndikunena. Ndola inagwa m'zaka za m'ma 1990 koma sinafe. Yerekezani ndi Luanshya, mtunda wochepa kuchoka pano, kumene kampani imene inagula mgodi mu 1997 inalephera pasanathe zaka zinayi, mzinda wokongola uja n'kusanduka wa anthu ogulitsa mipando ya m'nyumba kuti adye. Mavuto a Ndola ndi a ngalande, mapaipi, misewu ndi ntchito, ndipo ambiri mwa iwo mankhwala ake ali m'manja mwa khonsolo, aphungu ndi ife ovota. Vuto lalikulu la Kitwe lili m'manja mwa anthu amene sitidzawaona nkhope.

Choncho pempho langa lili pawiri. Anthu a ku Kitwe aumirire kuti pamene mkuwa ukugulidwa bwino, ndalama zake zimange zinthu zimene zidzatsale mgodi ukadzatha: madzi otetezeka, sukulu za luso, ndi mafakitale opanga waya ndi zipangizo kuchokera ku mkuwa womwewo. Ife a ku Ndola tileke kunyadira bata, tifunse makhansala ndi aphungu athu kuti ngalande za ku Chipulukusu zidzakumbidwa liti, Kafubu adzayeretsedwa liti, mapuloti adzagawidwa poyera liti, ndipo msewu watsopano wa Lusaka ukadzatha, ndi fakitale iti imene idzatsegulidwe kuti ana athu asamangoona malole akudutsa. Mzinda uno uli ndi zonse zofunika kuti banja likhazikike. Chotsala n'chakuti ubwino umene uli ku Northrise ufike ku Nkwazi ndi ku Twapia, ndipo amene sadzagwira ntchito imeneyo tisadzamupatsenso voti.