KUPATSA NKUIKA: ZA MALIPIRO A ANCHITO A M'MIDZI KU IRELAND

Ziripo nchito zina zimene mudzi sungakhale bwino popanda izo, koma palibe wamalonda angazigwire, pakuti phindu lace nlocepa. Kutengera cakudya cophika kwa nkhalamba yokhala yokha, kusunga nyumba ya misonkhano kuti isagwe, kuyendetsa wailesi yaing'ono ya m'dera: zonsezi zifuna manja, ndipo manjawo afuna malipiro. Funso ndi ili: alipire ndani?

Dziko la Ireland, kumene anacokera ansembe ndi asisitere ambiri amene anaphunzitsa m'sukulu za m'Zambia, linayankha funsoli m'caka ca 2006 pokhazikitsa cikonzero cochedwa Community Services Programme, ndi kucipereka m'manja mwa bungwe la Pobal, dzina lotanthauza "anthu a pamodzi" m'cinenero cao. Boma lipereka gawo la malipiro a anchito ndi a kapitao wao, ndipo kabungwe ka m'mudzi kapeza zotsalazo pa malonda ace. Boma linalamulanso kuti ambiri a olembedwa nchito akhale anthu amene olemba ena awakana: osowa nchito nthawi yaitali, opunduka, oturuka m'ndende, ndi a mtundu wa Travellers amene anyozedwa m'dzikomo kuyambira kale.

Alipo anthu amene anena kuti kucita cotere nkuononga ndarama za msonkho, ndi kuti malonda olephera kuima okha ayenera kufa. Mau amenewa amveka anzeru, koma ali opanda mutu. Kodi nkhalamba ikasowa woibweretsera cakudya idzapita kuti? Idzagona m'cipatala, ndipo wolipira ndi Boma lomwelo. Kodi woturuka m'ndende akakanidwa pa khomo liri lonse adzadya ciani? Adzadya ndarama za Boma ali cikhalire, kapena adzabwerera kumene anacokera. Cotero ndaramayo idzaturuka ndithu; cosankha ncakuti ituruke kulipira munthu wogwira nchito kapena munthu wokhala cabe. Akulu anati kupatsa nkuika.

Koma Boma limene linacita bwino poyamba linalakwa pambuyo pace, ndipo colakwaco ciyenera kunenedwa poyera. Kwa zaka zambiri linapereka mayuro 19,033 pa caka pa wanchito mmodzi. Ndarama imeneyi inali yokwanira pamene malipiro ocepetsetsa a lamulo anali mayuro 8.65 pa ora. Tsono Boma linakweza malipirowo kufika 9.15 m'caka ca 2016, ndi 10.50 m'caka ca 2022, osakweza gawo lace koma kuonjeza thandizo la kanthawi lokha. Yense wodziwa samu angawerenge yekha: maora 39 pa mlungu, milungu 52, pa mtengo wa 10.50, ndiwo mayuro 21,294. Mpata wopitirira mayuro 2,000 pa wanchito ali yense unagwera timabungwe tija, timene makasitomala ace ndi nkhalamba ndi amphawi. Kukweza mtengo wa cakudya ndiko kupitikitsa amene anayenera kuthandizidwa. Kusakweza ndiko kucotsa wanchito. M'caka ca 2023 Boma linakonzanso cikonzeroco ndi kuonjezera timabungwe tosatha kupeza zambiri pa malonda, koma linatero zaka zisanu ndi ziwiri zitapita.

Phunziro lace nloonekeratu. Amene alamula malipiro ndiye ayenera kusenza katundu wa lamulo lace. Boma liri lonse lofuna kuthandiza malonda a m'midzi lilembe m'lamulo kuti gawo lace lidzakwera tsiku lomwelo limene malipiro a lamulo akwera, kuti akapitao asamayende caka ndi caka kukapempha ngati opemphetsa. Ndarama imeneyi si mphatso yai, ndi ngongole: anthu a m'mudzi agwira nchito imene Boma likadagwira lokha pa mtengo woposa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mudzi umene wagwira mbali yace ya denga uli nao ufulu wakufunsa Boma cifukwa cace latsitsa manja.