Chikalata cha Bungwe la Akatswiri a Kemisitiri ndi Mainjiniya pa Nkhani ya Biogas

Ife mamembala a bungweli tikufuna kuti Boma, makhonsolo a mizinda ndi Amalawi onse amve maganizo athu pa biogas, mpweya umene umatuluka ndowe, zotsalira zakumsika ndi zonyansa za m'zimbudzi zikamaolera m'thanki yotsekedwa.

Ambiri amaudziwa ngati mpweya wophikira basi. Ntchito imeneyo tikuyiyamikira, chifukwa imapulumutsa mitengo, koma imangodya gawo limodzi. Mu biogas, methane amakhala magawo 50 mpaka 70 pa 100 alionse, ndipo wotsalayo kwakukulu ndi carbon dioxide, amene sayaka ndipo amangotayika. Komatu mipweya iwiriyi ikatenthedwa pamodzi pa madigiri 700 mpaka 900, mothandizidwa ndi chitsulo cha nickel, imasanduka hydrogen ndi carbon monoxide. Msakanizo umenewu, wotchedwa syngas, ndiwo amapangira methanol, ndipo ku methanol kumachokera formaldehyde wa guluu womatira plywood. Hydrogen uja akaphatikana ndi nitrogen amabala ammonia, gwero la feteleza wa urea, amene dziko lino limagula kunja ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa kale.

Luso limeneli si lachilendo. Franz Fischer ndi Hans Tropsch anapeza njira yosandutsa syngas kukhala mafuta ku Germany mu 1925, ndipo fakitale ya Sasol ku Secunda imachita zimenezi mpaka lero, kungoti iyo imadalira malasha. Ife tikunena za zinyalala zimene zikungoola ku Mzedi mu Blantyre ndi ku Area 38 mu Lilongwe, n'kumatulutsira methane m'mlengalenga, komwe amasunga kutentha kuposa carbon dioxide mowirikiza pafupifupi ka 28 pa zaka 100.

Zovuta zilipo, sitibisa. Biogas amakhala ndi hydrogen sulphide, wonunkha mazira owola uja, amene amapha mphamvu ya nickel ngati sanachotsedwe. Mwaye wotuluka potentha mipweya ija nawo umatseka makina. Ndipo kathanki ka pakhomo sikangadyetse fakitale. Pamafunika mpweya wambiri wotuluka tsiku ndi tsiku.

Choncho tikupempha makhonsolo kuti ayambe kulekanitsa zinyalala zoola ndi mapulasitiki m'misika momwemo. Tikupemphanso Boma kuti lipereke ndalama ku masukulu a ukachenjede monga MUBAS ndi MUST, kuti amange makina aang'ono oyesererapo kuyeretsa biogas ndi kupanga methanol. Mamembala athu ndi okonzeka kugwira nawo ntchitoyi.

Komiti Yaikulu, m'malo mwa mamembala onse