Mkono wa wodwala impso ndiwo moyo wake

Amayi anzanga, matenda a impso akaloŵa m'nyumba, wodwazika ndinu. Tsono tcherani khutu.

Impso zikalephereratu kusefa magazi, ntchitoyo imagwiridwa ndi makina a dialysis, monga aja ali ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Gulupu ku Blantyre. Magazi amatuluka m'thupi, nakatsukidwa, nabwereranso. Motero pafunika khomo lakuti adzerepo.

Khomo lachangu ndi kapaipi koloŵetsedwa mu mtsempha wa pakhosi. Kamagwira ntchito tsiku lomwelo, koma tizilombo timaloŵeranso pomwepo. Khomo lokhalitsa ndi fistula, imene madokotala a ku New York adailengeza mu 1966. Amalumikiza mitsempha iŵiri ya pamkono, wochokera ku mtima ndi wobwerera ku mtima. Imatenga masabata 6 kapena kuposerapo kuti ikhwime, choncho funsani za iyo msanga. Mbeŵa ya manyazi idafera kuuna. Mitsempha ikakhala yofooka, amailumikiza ndi kapaipi kofeŵa kobisika pansi pa khungu.

Khomoli likhudzanso kuchuluka kwa magazi. Impso zathanzi zimatulutsa erythropoietin, chinthu cholamula mafuta a m'mafupa kuti apange magazi. Zikadwala, magazi amachepa, munthu amafooka, amachita befu, zikhatho zimayera. Kuchipatala amabaya jakisoni wa erythropoietin ndi kupereka ayironi, koma tizilombo tikaloŵera pa kapaipi kaja, jakisoniyo sagwira bwino.

Ife tidazoloŵera kuthamangira chidede ndi masamba a mapeyala munthu akachepa magazi. Pano ayi. Madzi akumwa a wodwalayu ali ndi muyeso. Nthochi, mapeyala ndi matimati zili ndi mchere wa potaziyamu, umene ukachuluka m'magazi ungaimitse mtima. Yambani mwafunsa anamwino.

Mkono wa fistula usungeni ngati dzira. Asayezerepo kuthamanga kwa magazi, asatengerepo magazi, asaugonere, asavale wotchi yothina, ngakhale kunyamula ndowa yodzaza. M'maŵa uliwonse ikanipo zala, mudzamva kunjenjemera. Kukaleka, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati ali ndi kapaipi ka pakhosi, kasanyowe posamba, ndipo thupi likatentha musadikire kuti kuche.

Dokotala amamuona wodwala maola oŵerengeka, koma inu muli naye usana ndi usiku. Mukakumana ku bungwe sabata ino, afotokozereni anzanu zimenezi.