Pampu ya madzi isatiwoletsere mbewu panjira, tiphunzire kuisintha tokha

Alimi anzathu, nyengo yokolola yapitayi kalabu yathu ina ya ku Ntcheu idataya tomato wodzaza galimoto yonse. Matalala sadagwe, mbozi sizidavute, ndipo mitengo pamsika idali bwino. Galimoto ya kalabuyo, Land Cruiser yakale ya pikapu, idatentha injini pachitunda, pakati patchire, ili paulendo wa kumsika. Idagona pamenepo masiku atatu kudikira makaniko wochokera m'tauni. Pomwe amafika n'kuti tomato atasanduka msuzi m'madengu, ndipo injini idachita kutsitsidwa yonse.

Chomwe chidayambitsa zonsezi ndi pampu ya madzi, ija amakaniko amati wotapampu, kachitsulo koti munthu anganyamule ndi dzanja limodzi. Chochititsa manyazi n'chakuti pampuyo idakhala ikutichenjeza kwa masabata ambiri. M'mawa uliwonse dalaivala ankathira chigubu cha madzi a pamjigo mu rediyeta. Apampando ankaona, msungichuma ankaona, tonse tinkaona, koma mawu athu adali amodzi: "Ingofika, tidzaona tikagulitsa." Palibe ndi mmodzi yemwe adalimba mtima kutsegula boneti ndi sipanala m'manja, chifukwa tidakula tikuuzidwa kuti za m'kati mwa galimoto si za mlimi.

Ife tikuti maganizo amenewa atisaukitsa mokwanira. Kalabu, asosiyeshoni kapena kopaletivi iliyonse yomwe ili ndi galimoto iyenera kukhala ndi mamembala odziwa kuzindikira pampu yomwe ikutha ndi kuisintha okha.

Misewu yathu ndi imene imadya pampu

Injini ikamalira imatentha, ndipo madzi amazungulira m'kati mwake kuti atenge kutenthako n'kukakutaya ku rediyeta. Chomwe chimakankha madziwo ndi pampu. M'kati mwake muli kachipupa kozungulira, bering'i ndi silu yotchinga madzi, ndipo pa magalimoto ambiri akale imazunguzidwa ndi lamba wa fani. Pampu ikaleka kukankha, injini imawira m'mphindi zochepa. Mukakakamiza kuyenda, hedi gasiketi imapsa, mutu wa injini umapindika kapena kung'aluka, pena injini imagwira osazunguliranso.

Galimoto ya m'tauni imathamanga pa tala, mphepo n'kumaiziziritsa. Yathu imakwera Khwekhwerere, Thabwa kapena Golodi pa giya yaing'ono, itasenza matumba, injini ikulira kwambiri koma liwiro lili la ngolo. Dzinja matope amamata rediyeta, chilimwe udzu ndi fumbi zimatseka mabowo ake. Pamwamba pa izi timawonjezera zolakwa zathu. Timathira madzi a pamjigo okhaokha, omwe mchere wake umabweretsa dzimbiri lomwe limadya kachipupa ndi silu. Timakunga lamba ngati chingwe cha gitala, bering'i n'kutha msanga. Ena amachotsa thermostat n'kutaya poganiza kuti athetsa kutentha, chonsecho angobisa matenda.

Pampu siifa mwadzidzidzi. Pansi pake pali kabowo kakang'ono komwe opanga adaika dala kuti silu ikayamba kutha madzi azidontha poonekera. Mukaona mzere wa dzimbiri kapena zoyera zouma pansi pa kabowoko, yayamba. Injini ili yozima, gwirani fani kapena pule ya pampu n'kugwedeza: ikamasewera, bering'i yatha. Kulira kokhala ngati mphero ikugaya miyala kutsogolo kwa injini, madzi kumatsika tsiku ndi tsiku, ndi singano ya geji kumakwera pachitunda, zonsezi ndi chenjezo. Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto.

Ntchito yake si ya matsenga

Kwa omwe amati sitingathe, nayi ntchitoyo. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka ndipo dikirani injini izizire kotheratu. Musatsegule chitsekerero cha rediyeta injini ili yotentha: madzi am'menemo amakhala opanikizika, amatha kutentha kuposa madigiri 100, ndipo amatumphira kumaso. Chotsani waya wa negetivi pa batire. Khetserani madzi m'beseni, ndipo ngati munali kulanti musataye pabwalo, chifukwa amatsekemera koma ndi poizoni kwa ana, agalu, mbuzi ndi nkhuku.

Jambulani papepala kapena pa foni mmene lamba wadutsira. Masulani pang'ono mabawuti a fani ndi pule lamba adakali wokungika, chifukwa ndiye akukugwirirani kuti zisazungulire. Kenako fewetsani lamba, chotsani fani ndi chikuto chake, ndi mapaipi omwe alowa pa pampu. Mabawuti a pampu nthawi zambiri amasiyana kutalika, choncho jambulani pampuyo pa katoni ndipo bawuti iliyonse muibaye pamalo pake. Pampu ikakakamira igogodeni ndi mtengo. Musalowetse tchizulo pakati, mungakande pomwe pamakhala gasiketi ndipo padzadontha mpaka kalekale.

Palani gasiketi yakale yonse mpaka pasalale. Ikani pampu yatsopano pambali pa yakale pamphasa, muone ngati mabowo, kachipupa ndi kutalika zikufanana. Ikani gasiketi yatsopano, lowetsani mabawuti onse ndi manja, kenako mangani pang'onopang'ono modumphitsa, iyi kenako ya mbali inayo, monga timachitira ndi tayala. Mabawutiwa ndi aang'ono, safuna mphamvu za polima. Bwezerani lamba, ndipo wa mtundu wakale uja mukamudina ndi chala chachikulu pakati azilowa pafupifupi sentimita imodzi. Thirani kulanti wosakaniza ndi madzi oyera monga zalembedwera pa botolo, lizani injini chitsekerero chili chotsegula ndi hita ili poyatsa kuti mpweya utuluke, wonjezerani, tsekani. M'mawa mwake injini itazizira onaninso mulingo ndi pansi pa galimoto.

Pa galimoto yomwe pampu ili poyera, anthu awiri odekha amamaliza ntchitoyi tsiku lomwelo. Koma tisanamizane. Pa injini zina pampu imabisala kuseri kwa tayiming'i belti, pena imazunguzidwa ndi lambayo. Lamba ameneyu akabwezeredwa molakwika, mapisitoni amatha kuwombana ndi mavavu, injini n'kutha. Pamenepo pafunika buku la galimotoyo ndi munthu yemwe adagwirapo kale, ndipo ndi nzeru kusinthira limodzi lambayo. Safunsa adadya phula. Kudziwa pomwe luso lako lathera ndi mbali ya luso lomwelo.

Omwe amati tisakhudze

Alipo omwe amatiuza kuti mlimi akagwira sipanala awononga galimoto ya mamiliyoni. Tiwafunse: ndi galimoto zingati zafa chifukwa mlimi adasintha pampu, ndipo ndi zingati zakhala pa njerwa kuseri kwa maofesi a makalabu chifukwa palibe adaisintha? Pitani mukaone nokha, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala.

Mawu omwewa tidawamvapo pa nkhani ya mijigo. Kale mjigo ukawonongeka mudzi unkadikira anthu a boma kwa miyezi, amayi n'kubwerera kudambo. M'zaka za m'ma 1980 kudayamba kupangidwa mjigo wa Afridev, womwe chiyambi chake chili konkuno ku Malawi, ndi cholinga choti anthu akumudzi azikonza okha. Lero amayi a m'makomiti a madzi amazula ndodo za mjigo, kusintha malabala ndi kubwezera, ndipo palibe amadabwa. Mayi amene amakonza mjigo angalephere bwanji kumasula mabawuti a pampu ya galimoto ataphunzitsidwa?

Ena amati tikuwalanda ntchito amakaniko. Ayi. Makaniko wabwino timamufuna, ndipo injini, giyabokosi ndi pampu ya dizilo tidzapita nazo kwa iye ndithu. Chomwe tikukana ndi kulipira mayendedwe, chakudya ndi malo ogona a munthu wochokera kutali chifukwa cha ntchito yomwe mwana wathu angagwire pansi pa mtengo wa mango. Chiyambire Novembala 2023, pomwe kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, chitsulo chilichonse chochokera kunja chidakwera mtengo. Kalabu yomwe yapha injini lero mwina siidzagulanso ina.

Anzathu a ku America adachita kumenyera ufulu umenewu, chifukwa mathirakitala awo atsopano amatsekedwa ndi kompyuta. Mu Januwale 2023 bungwe la American Farm Bureau Federation lidasainirana mgwirizano ndi kampani ya John Deere wolola alimi kupeza mabuku ndi zida zokonzera, ndipo chaka chomwecho dera la Colorado lidakhazikitsa lamulo lopatsa alimi ufulu wokonza makina awo. Galimoto zakale zomwe ambirife tili nazo zilibe loko wa kompyuta. Loko wathu ndi mantha basi.

Zomwe tikufuna

Kwa mabungwe omwe amapereka galimoto kwa alimi: mwambo wopereka makiyi ndi kujambulitsa zithunzi siwokwanira. Galimoto ibwere ndi buku lake lokonzera, bokosi la masipanala ndi maphunziro a mamembala osachepera awiri, mmodzi akhale mayi. Galimoto yopanda izi ndi ngongole yovala riboni.

Kwa TEVETA, yomwe idakhazikitsidwa mu 1999, ndi makoleji a ntchito zamanja a m'madera omwe adayamba kutsegulidwa mu 2015: tikupempha maphunziro afupiafupi a sabata imodzi kapena ziwiri, m'Chichewa ndi m'zinenero zina za kwathu, ochitika tikamaliza kukolola. Sitikufuna digiri. Tikufuna kudziwa pampu, malamba, mabuleki ndi mafiluta.

Kwa Malawi Bureau of Standards ndi onse oteteza ogula: yang'anani masipeya omwe akulowa m'dziko. Ife tidagulapo pampu m'sitolo ina, m'bokosi lokongola la dzina lodziwika, yomwe idayamba kudontha mwezi usanathe. Lamulo loteteza ogula la 2003 likugwira ntchito kwa mlimi ngati kwa wina aliyense. Nafenso pogula titenge nambala ya chasisi ndi ya injini, tifunse lisiti, ndipo tisathamangire chotchipa.

Kwa ife eni ake: pamsonkhano wa mwezi uno nkhani ya galimoto ikhale pa ndondomeko. Sankhani anthu oti aphunzire. Ulendo uliwonse patulani kangachepe ka thumba la masipeya. Gulani pampu, gasiketi ndi lamba zikhale m'kabati nyengo yokolola isanafike, ndipo lembani m'kope tsiku ndi makilomita pomwe mwasintha chilichonse. Makalabu oyandikana asonkherane bokosi limodzi la zida.

Kalabu ya ku Ntcheu ija idakali kubweza ngongole ya injini. Mawa m'mawa, galimoto isanalizidwe, apampando ndi dalaivala agwade limodzi ayang'ane pansi pa pampu. Ngati pakudontha, ulendo udikire, sipanala ituluke.