Bwalo la Gofu la ku Kabwe Litsegukire Ana a Anthu Wamba

Anthu ambiri a kumidzi akamva za gofu amangoti ndi masewera a azungu ndi a mabwana a m'tauni, ndipo pali cifukwa cake comwe amaganizira motero. Koma mbiri ya masewerawa m'tauni ya Kabwe, kufupi ndi mtsinje wa Mulungushi, ili ndi phunziro loyenera kumvedwa ndi mlimi wa ku Katete ndi wa ku Petauke yemwe, pakuti ikhudza funso lakuti cuma cimene atsamunda anasiya m'dziko lino cili m'manja mwa yani lero.

Tauni ya Kabwe inabadwa ndi mgodi. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka kumeneko m'caka ca 1902, njanji inafika mu 1906, ndipo azungu anacha malowo Broken Hill. Mu 1925 anatsegula damu pa mtsinje wa Mulungushi kuti mgodiwo uzilandira magetsi. Azungu a pamgodi ndi a panjanji atakhazikika anadzimangira makalabu a masewera, ndipo bwalo la gofu linali limodzi mwa malo amenewo, monga momwe zinaliri ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata. Munthu wakuda anali kulowa pabwalo lotere monga wanchito cabe: wochecha udzu, wothirira madzi, kapena mnyamata wosenza cikwama ca ndodo kumbuyo kwa bwana. Kumenya mpira kunali kwa eni kalabu okha.

Zinthu zinatembenuka cifukwa ca zimene zinapanganidwa m'dera lomwelo. Pa thanthwe la Mulungushi mpamene cipani ca UNIP cinasonkhana mu 1961 ndi kulimbitsa nkhondo yomenyera ufulu, ndipo ufuluwo utabwera pa 24 October 1964, zipata za makalabu zinayamba kutseguka. Malemu Dr Kenneth Kaunda, mtsogoleri woyamba wa dziko lino, anakonda gofu kwambiri ndipo anali kusewera pabwalo la ku State House. Malemu David Phiri, amene anaseweranso gofu m'timu ya yunivesite ya Oxford ndipo pambuyo pake anakhala mkulu wa Bank of Zambia, anaonetsa poyera kuti dzanja la munthu wakuda nalonso lidziwa ndodo imeneyi. Mpikisano waukulu wa Zambia Open unayamba mu 1972 ndipo unakopa akatswiri a kunja, mmodzi wa iwo Ian Woosnam amene anapambana mu 1985. M'caka ca 2006 Madalitso Muthiya anakhala mwana wa Zambia woyamba kusewera mu U.S. Open ku America.

Masewerawo paokha ndi osavuta kuwamva. Pabwalo lathunthu pali maenje 18, ndipo wosewera amamenya kampira kolimba ndi ndodo kufikira katalowa m'dzenje lirilonse motsatana. Wopambana ndi amene wamenya kocepa koposa onse. Munthu saloledwa kunyamula ndodo zopitirira 14. Amuna amayenda awiri, atatu kapena anai, ndipo ulendo wonse umatenga maola ngati anai. M'maola amenewo mphunzitsi, wamalonda, msilikali ndi mkulu wopuma panchito amayenda phazi limodzi, kuceza, kusekana ndi kufunsana za kunyumba. Ndiye cifukwa cake ubwenzi wa pagofu umalimba, ndipo anthu amene anayamba kusewera pamodzi ali anyamata amapezekabe pamodzi imvi zitamera, pamaliro ndi paukwati pomwe.

Pali miyambo iwiri ya masewerawa imene anthu a kumudzi angailemekeze. Woyamba ndi wakuti palibe woimba mluzu wothamanga pambuyo pa wosewera monga pa mpira wa miyendo. Munthu amawerenga yekha kumenya kwake, ndipo akalakwa amadziulula yekha ngakhale kuti panalibe womuona. Wonama pagofu mbiri yake imamutsata kufikira kumsika. Waciwiri ndi wakuti wosewera wofooka amacotseredwa ziwerengero zina malinga ndi msinkhu wa luso lace, kotero kuti mkulu wa zaka 70 akhoza kupikisana ndi mnyamata wa zaka 20 popanda kucititsidwa manyazi. Pansolo akulu ndi ana amakhala pansi pa mtengo umodzi, ndipo gofu akaseweredwa mwa mwambo wake ali ndi mzimu womwewo.

Koma ubwenzi umenewu uli pangozi ngati ungokhala wa anthu ocepa a matumba olemera. Kale makampani akulu ndiwo anali mizati ya masewera m'matauni a migodi ndi njanji. Kampani ya njanji ndiyo inalera timu ya Kabwe Warriors, m'mene malemu Godfrey Chitalu anamveka dziko lonse ndi zigoli 107 za m'caka ca 1972. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, nchito zambiri zinatha, ndipo katundu wosamalira mabwalo anagwera pamapewa a mamembala. Udzu wa pagofu umafuna madzi, makina ndi anchito caka conse, ndipo ndodo ndi mipira zimagulidwa ndi ndalama zambiri. Kalabu imene mamembala ace akukalamba popanda ana olowa m'malo mwao ili ngati mudzi wopanda nkhokwe ya mbeu.

Ngozi ina ndi njala ya malo. M'matauni ambiri a dziko lino mabwalo a masewera akhala akudulidwa mapuloti, ndipo malo akangomangidwapo nyumba sabweranso. Ku Kabwe nkhani imeneyi ndi yolemera koposa, cifukwa mgodi unasiya mtovu m'dothi la makomboni monga Kasanda, Chowa ndi Makululu, ndipo fumbi lace limadwalitsa ana. Tauni yotere iyenera kusunga malo alionse a udzu ndi mitengo monga cuma ca anthu onse, ndipo khonsolo ndiyo iyenera kukhala mlonda woyamba wa malo amenewo.

Komabe anthu sangateteze bwalo limene ana ao amangolionera kunja kwa mpanda. Cotero akulu a kalabu ya ku Kabwe, pamodzi ndi bungwe la Zambia Golf Union, ayenera kucita zinthu zooneka ndi maso. Anyamata osenza ndodo, amene amadziwa bwalolo kuposa mabwana ao, apatsidwe masiku ao osewera ndi mpikisano wao. Ndodo zakale zimene zikungocita dzimbiri m'nyumba za mamembala zisonkhanitsidwe ndi kubwerekedwa kwa ana a sukulu, anyamata ndi atsikana omwe. Ophunzira a pa yunivesite ya Mulungushi, imene inatsegulidwa mu 2008, alandiridwe pa mtengo umene angakwanitse. M'mera mpoyamba, ndipo katswiri wa mawa ali pakati pa ana amene lero akutola mipira yotayika m'chire.

Nawo makolo a kumidzi asanyoze mwana amene wapita kutauni napeza nchito yosenza ndodo, pakuti akatswiri ambiri pa dziko lapansi anayambira pomwepo. Ca ku Chipata nakonso bwalo lilipo, ndipo zonse zonenedwa za ku Kabwe zikhudzanso akulu a kumeneko. Amene anasonkhana pa thanthwe la Mulungushi anafuna kuti mwana wa wochecha udzu adzaime pamalo pomwe bwana anali kuima. Mamembala a lero akatsegula cipata, adzakhala atatsiriza nchito imeneyo ndiponso atapulumutsa kalabu yao.