Ulendo wa ku York wosaboola m'thumba

Mabanja ambiri amene ali ku England amatha zaka osapita kokapuma chifukwa choopa kuwononga ndalama. Komatu thupi longogwira ntchito usana ndi usiku limafooka, ndipo ana amakula osadziwa dziko limene akukhala. Mzinda wa York, kumpoto kwa England, ndi malo amene banja lingachezeko masiku awiri osalowa m'ngongole, chifukwa zokongola zake zambiri zimaoneka poyenda pansi.

Ndalama zimathera pa mayendedwe ndi pogona. Sitima yochokera ku King's Cross mu London imatenga pafupifupi maola awiri, ndipo tikiti imatsika mtengo mukagula kudakali milungu ingapo. Basi ya National Express imachedwa panjira koma ndi yotchipa. Pogona funani kunja kwa mpanda wa mzinda, makamaka pamene pali khitchini, kuti muzidziphikira nokha. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, choncho nyamulani botolo.

Mukafika, yambani ndi mpandawo. Ndi wa miyala, wotalika makilomita oposa 3, ndipo kuyenda pamwamba pake n'kwaulere. Masitepe ndi ambiri, ndiye valani nsapato zabwino ndipo ana agwireni dzanja pomwe palibe chotchinga. Kuyenda kumeneku kumalimbitsa mtima ndi miyendo. Mukatopa, kapumeni ku Museum Gardens, pafupi ndi mtsinje wa Ouse, pamene pali mabwinja a St Mary's Abbey. Ku National Railway Museum, komwe ana amaona sitima zamakedzana, kulowa n'kwaulerenso.

York anakhazikitsidwa ndi Aroma m'chaka cha 71, ndipo ankatchedwa Eboracum. Panja pa tchalitchi chachikulu cha York Minster pali chiboliboli cha Constantine, amene analengezedwa kukhala mfumu ya Roma mumzinda momwemu mu 306. Ndi yemweyo amene mu 321 analamula kuti anthu a m'mizinda azipuma Lamlungu. Imani pamenepo, muwafotokozere ana mbiriyi.

Kumbukirani kuti mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, pomwe mu Juni limapitirira 9 koloko. Fikani ndi kugula chakudya Lachisanu Sabata lisanayambe, ndipo zolipira monga kukwera masitepe 275 a nsanja ya Minster muzisiyire Lamlungu.